Tichotse mipando kuti oonera akhale mkati mwa sewero?

NaSuluma_Zisudzo
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe yatigawanitsa m'kagulu kathu ka zisudzo. Tikukonza sewero lomwe nkhani yake yonse ikuchitikira pamaliro, kuyambira usiku wogona pasiwa mpaka m'mawa pomwe achibale ayamba kulimbirana nyumba ndi munda wa malemu. Holo yomwe tabwereka ili ndi siteji yofika m'chiuno, katani yake yofiira, ndi mipando ya pulasitiki. Titayeserera pasitejipo ndinaona kuti sizikugwira mtima. Maliro ali uko pamwamba, ife tili pansi kupenya ngati tikuonera TV. Ndiye ine ndikuti sitejiyo tiyisiye, mipando titulutse, tiyale mphasa ndi mikeka, amayi mbali yawo, abambo mbali yawo pamabenchi, bokosi pakati, ochita sewero asakanikirane ndi anthu. Pakhomo tiike masamba monga timachitira pamsewu. Anzanga akuti anthu adzakwiya, munthu walipira kudzaona sewero osati kudzakhuza maliro. Alipo anaonapo kapena kuyesapo zoterezi?

Kalipentala88
Funso loyamba achemwali: holoyo ili ndi makomo angati, ndipo amatsekukira kunja kapena mkati?

NaSuluma_Zisudzo
Awiri. Lalikulu kutsogolo, laling'ono kumbali. Za kotsekukira ndikayang'ana mawa.

MlendoWaLondon
Ine ndinaonapo, ndipo mpaka lero sizinandichoke m'mutu. Munali mu 2018, ku Playhouse Theatre kufupi ndi siteshoni ya Embankment, sewero lotchedwa The Jungle. Nkhani yake ndi ya msasa wa othawa kwawo womwe unali ku Calais, ku France, umene boma linaugwetsa mu October 2016. Nyumba ya zisudzoyo ndi yachikale, yokhala ndi mipando yotsatana m'mizere komanso khonde lam'mwamba. Koma wokonza malo, mayi Miriam Buether, anachotsa mipando ya pansi yonse ndi kumangamo lesitilanti ya anthu a ku Afghanistan monga zinkakhalira mumsasamo. Denga la malona ndi nsalu zosokererana, pansi tizidutswa ta mitengo, mabenchi a matabwa, matebulo aatali omwe ochita sewero ankayendapo pamwamba pake. Malo okhala anawatchula mayina a maiko a anthu a mumsasa, uyu akukhala ku Sudan, uyo ku Eritrea. Omwe anakhala pakhonde lam'mwamba, malo awo anawatcha Cliffs of Dover, kutanthauza kuti iwowo ali tsidya la England, akusuzumira mavuto a anzawo ali patali.

Ine ndinali pansi. Munthu akukuwa pafupi ndi khutu lako, fungo la chakudya likukupeza, bondo lako likugundana ndi la mlendo yemwe sukumudziwa. Chakumapeto, pomwe msasa ukugwetsedwa, denga lija linanyamulidwa kuchoka pamutu pathu. Ndinadzidzimuka ngati andisasulira nyumba yanga. Zimenezo pampando wa mzere wa 12 sindikanazimva. Chitani achemwali, musaope.

Chitsulo_Jozi
Achimwene a ku London, ine zimenezo zimandiwawa. Anthu olemera alipira ndalama zambiri kuti akhale maola atatu mumsasa wongoyerekeza, amwe tiyi, agwetse misozi, kenako akwere sitima kukagona pabedi lofunda. Ine ndinagonapo panja kuno ku Johannesburg, m'nyengo yozizira, ndilibe mapepala. Palibe matabwa ndi malona omwe angamuphunzitse munthu mantha amenewo. Kukongoletsa umphawi kuti ena adzausirire si chinthu chomwe ndingachiombere m'manja.

MlendoWaLondon
Ndakumvani achimwene, ndipo pa zomwe munadutsamozo sindingakutsutseni. Ndingowonjezera kuti olemba seweroli, Joe Murphy ndi Joe Robertson, anakhala miyezi ingapo mumsasamo akuyendetsa kanyumba ka zisudzo kotchedwa Good Chance, ndipo ena mwa ochita sewero anali anthu omwe anathawadi kwawo. Komanso khonde lija lotchedwa Cliffs of Dover linkanena zomwe mukunenazi: linkamuuza woonera kuti iwe ndiwe wa tsidya lino, wotetezeka.

Chitsulo_Jozi
Za khondezo ndiye zandigwira mtima kuposa za lesitilantizo. Pamenepo anamuuza munthu zoona za pomwe waima.

AphunzitsiAkale
Ndaphunzitsa zisudzo kusekondale zaka zambiri, ndiye mundilole ndichite mwachifatse.

Kusintha nyumba ya zisudzo si kwa lero. Mu 1924, Max Reinhardt anapita ndi sewero lake The Miracle ku New York, ndipo Norman Bel Geddes anasandutsa mkati mwa Century Theatre kukhala tchalitchi chachikulu, zipilala, mawindo a magalasi amitundu, zonse. Munthu polowa ankangoona kuti walowa m'nyumba yopemphereramo. Imeneyo ndi njira ya ndalama.

Njira ina ndi ya Jerzy Grotowski ku Poland, m'tauni ya Opole, m'kachipinda kakang'ono kolowa anthu ochepa. Iyeyu ankagwira ntchito ndi katswiri wa zomangamanga, Jerzy Gurawski, ndipo pa sewero lililonse ankayamba ndi funso limodzi: anthu obwera kudzaonerawa, m'nkhaniyi ndi ndani? Mu sewero la Kordian, 1962, nkhani anaiika m'chipatala cha odwala misala, ndiye oonera anakhala pakati pa mabedi achitsulo limodzi ndi odwalawo. Mu 1963, pa sewero la Faustus, anawakhazika m'mbali mwa matebulo awiri aatali ngati alendo oitanidwa ku mgonero womaliza wa munthu yemwe watsala pang'ono kufa. Mu 1965, atasamukira ku mzinda wa Wrocław, pa sewero la The Constant Prince, anamanga mpanda wamatabwa wautali, oonera ndi kumasuzumira pamwamba pake munthu akuzunzidwa pansi, iwo osatha kuchitapo kanthu. Matabwa, mabedi, matebulo. Zinthu zoti kalipentala wa pamsika akhoza kukhoma sabata imodzi.

Ndiye mayi NaSuluma, mphasa ndi masamba zibwere pambuyo. Yambani mwayankha: anthu anuwo akalowa, ndi ndani? Ndi achibale a mwamuna? Ndi akuchikazi? Ndi anansi ongobwera kudzakhuza, omwe akumva mkangano koma alibe mawu? Mukayankha limeneli, pokhala pawo padziwika pokha. Mukapanda kuyankha, mudzangokhala mwakongoletsa holo.

NaSuluma_Zisudzo
Aphunzitsi, funso limenelo sitinadzifunsepo. M'seweromu mayi wamasiye akulandidwa katundu anthu onse akuona, ndipo palibe woyankhula. Ndiye oonera ndi anansiwo. Ndi ife tonse amene timakhala chete pamaliro oterewa.

AphunzitsiAkale
Basi, mwapeza msana wa sewero lanu.

Gogo_Nachanza
Ana inu, ine ndine wachikulire ndipo ndinene mosabisa. Bokosi la maliro si choseweretsa. Kuliika pakati pa anthu amoyo, muli munthu kapena mulibe, ambiri adzati ndi malaulo, mukuitana imfa. Ine ndaika mwamuna ndi ana awiri. Mutandilowetsa m'holo ndi kupeza bokosi pafupi ndi mapazi anga, nyimbo za pasiwa zikuimbidwa, sindingaone sewero lanu. Ndidzaona maliro anga aja. Pasiteji patali ndikhoza kupirira, chifukwa ndikudziwa kuti ndi sewero. Mtunda umene mukufuna kuchotsawo, kwa ena ndi umene umatiteteza.

Mwana_wa_Dedza
Agogo anena zoona. Komanso za masamba pakhomo ndikukana. Masamba pamsewu ndi uthenga kwa mudzi wonse. Wapanjinga amatsika, wagalimoto amachepetsa liwiro, wachipewa amavula. Mukawaika panja pa holo, anthu odutsa adzapereka ulemu kwa maliro omwe kulibe, ena adzayamba kufunsa kuti watisiya ndani. Tsiku lina adzaona masamba enieni ndi kuganiza kuti ndi a zisudzo aja. Ndipo amfumu a deralo akamva, mudzakayankha mlandu.

Tadala_wa_Magetsi
Koma masiku ano maliro enieniwo asanduka kale chionetsero. Matenti, zokuzira mawu, yunifolomu ya banja, wojambula vidiyo, chakudya cha anthu apadera ndi cha anthu wamba. Kwathu tinagulitsa mbuzi zitatu kuti tidyetse anthu omwe malemu akudwala sanabwere ndi kamodzi komwe.

Gogo_Nachanza
Kale chakudya chinkachokera kwa anansi. Nyumba iliyonse kambale ka ufa, nkhuni, ndiwo. Anamfedwa sankagwira mthiko.

Chitsulo_Jozi
Kuno ndiye kutumiza thupi kumudzi ndi ndalama zoti munthu mmodzi sangakwanitse. Timasonkherana m'magulu mwezi ndi mwezi. Amene sali m'gulu, abale ake amavutika koopsa.

Tadala_wa_Magetsi
Ndi adzukulu nawonso masiku ano ena amayamba anena mtengo asanagwire khasu.

Mwana_wa_Dedza
Si konse. Kwathu adzukulu amakumbabe mwaulere, mumangowaphikira.

Kalipentala88
Abale, tabwererani ku holo ija, mayiwa akudikira. Ine ndakhoma masiteji a masukulu ndi a matchalitchi, ndiye ndinene za ntchito yanga.

Mipando ili m'mizere imasunga njira. Mukaichotsa, anthu amakhala paliponse, ndipo malo oyamba kudzaza ndi pakhomo. Mukawonjezera mphasa zouma, nsalu zolendewera, mdima, kenako wina abwere ndi koloboyi kapena kandulo kuti zioneke ngati usiku wa pasiwa, mwamanga msampha. Mu December 1903 ku Chicago, Iroquois Theatre inapsa, nyali itayatsa katani, ndipo anthu pafupifupi 600 anafa, ambiri atapanikizana pamakomo omwe sanathe kuwatsegula, ena obisika kuseri kwa nsalu. Malamulo ambiri a makomo otsekukira kunja ndi zikwangwani zowala zosonyeza potulukira anakhwima ngoziyi itachitika. Ndiye moto weniweni ayi. Tengani nyali ya galasi, muchotse chingwe, muikemo kababu ka batire. Makomo onse awiri akhale osakhoma, osatchingidwa, ndipo pakhomo lililonse paime munthu wanu ali ndi tochi. Njira muilembe pansi ndi choko kapena tepi musanayale mphasa.

China: munthu wokhala pansi saona kupyola mutu wa mnzake. Mizere itatu ya pamphasa ndi yokwanira, kumbuyo kwake mabenchi, kumbuyo kwenikweni mipando. Mukatero holo yolowa anthu 150 idzalowa mwina theka. Muwerengeretu za matikiti.

NaSuluma_Zisudzo
Za theka zimenezo ndiye zitipweteka. Ndalama ya holo timadalira pakhomo.

Kalipentala88
Chitani kawiri, masana ndi madzulo. Funsani eni holo ngati mtengo ndi wa tsiku kapena wa maola.

Tadala_wa_Magetsi
Pa za kuwala: anthu akazungulira mbali zonse, nyali iliyonse yomwe mwalozetsa kwa wosewera ikulasanso m'maso mwa woonera wa tsidya linalo. Nyali zikwere pamwamba, ziloze pansi. Ndipo ochita sewero aphunzire kuyankhula atapatsa anthu ena msana, mawu osatayika. Amene anazolowera siteji amangoyang'ana mbali imodzi ngati mpendadzuwa, theka la holo lidzangoona nkhongo. Muziyeserera mutaika anzanu m'makona onse anayi, aliyense azikweza dzanja akasiya kumva.

Mwana_wa_Dedza
Chomwe chikundidabwitsa, tikutchula Poland ndi New York pamene bwalo tili nalo kwathu kuno. Gule akamatuluka, palibe katani, palibe siteji. Anthu azungulira, ng'oma zili mbali yake, amayi akuyimba ndi kuwomba m'manja, chilombo chikutulukira kutchire, fumbi likukugwera m'maso, ana akuthawa. Woonera ndi mbali ya gule. Azungu akuchotsa mipando kufunafuna chinthu chomwe ife sitinachitaye. Siteji yokwera ndi katani zinabwera ndi sukulu ndi mishoni.

AphunzitsiAkale
Ndikuvomereza mbali yaikulu. Ndi chifukwa chake a Travelling Theatre a ku Chancellor College ankapita kukachita masewero pamabwalo ndi pansi pa mitengo, ndipo ku Lusaka a yunivesite anamanga Chikwakwa Theatre, bwalo lapanja. Ku Kenya, anthu a m'mudzi wa Kamiriithu anamanga okha bwalo lawo la zisudzo m'ma 1970, ndipo boma linaliopa mpaka kuligwetsa mu 1982. Malo ochitira sewero si nkhani yaing'ono, olamulira amadziwa.

Koma pali kusiyana kumodzi. Pabwalo la gule aliyense amadziwa mbali yake kuyambira ali mwana: poima, nthawi yoyimba, nthawi yopatuka. M'holo ya mtauni mumalowa anthu osadziwana, ndipo wokonza malo ayenera kuwaphunzitsa mbali yawo m'mphindi zochepa, osayankhula, kudzera m'zomwe apeza polowa. Mwayi wa mayi NaSuluma ndi woti maliro aliyense amawadziwa. Munthu akangoona mphasa uku, mabenchi uko, thupi lake lidziwa lokha kopita, mawu atsika okha. Mphamvu yake ndi imeneyo, ndipo kuopsa komwe agogo anena kukuchokeranso pomwepo.

Wa_Newtown
Ndiponyeko za kuno ku Johannesburg. Market Theatre inatsegulidwa mu 1976 ndi Barney Simon ndi Mannie Manim m'nyumba yomwe unali msika wa zipatso, yomangidwa mu 1913. Sanabise kuti unali msika, zikwangwani zina za amalonda anazisiya. Nthawi ya tsankho anthu akuda ndi azungu ankakhala pamodzi mmenemo kuonera masewero otsutsa boma. Ndikutchula izi chifukwa nthawi zina nyumbayo ili kale ndi nkhani yake, ntchito yanu ndi kusaiphimba. Wotsogolera masewero Peter Brook atapeza Bouffes du Nord ku Paris, nyumba ya zisudzo yosiyidwa, anaitsegula mu 1974 makoma ake ali ong'ambika ndi othimbirira momwemo. Ku Cardiff mu 1988 gulu la Brith Gof linachita Gododdin, nkhani ya ankhondo ogonja, m'fakitale ya magalimoto yomwe inatsekedwa, anathiramo mchenga ndi madzi, oonera ali chiimire. Ndiye funso langa: bwanji osachoka m'holomo ndi kukachitira pakhomo pa nyumba yeniyeni, pabwalo, madzulo?

NaSuluma_Zisudzo
Tinaganizapo achimwene. Koma ndani angabwereke nyumba yake kuti pachitikire maliro ongoyerekeza? Ngakhale mayi anga sangalole. Komanso panja sitingathe kulipiritsa.

Gogo_Nachanza
Asalole ndithu.

Chitsulo_Jozi
Chinanso, musakakamize anthu kuchita nawo. Ndinapitapo ku sewero lina kuno, wosewera anandigwira dzanja kundikokera pakati kuti ndikhale wapolisi womenya anthu. Sanadziwe kuti ine ndi ndani, ndadutsa muzotani. Ndinatuluka sewero lisanathe. Kumukhazika munthu pafupi ndi nkhani ndi chinthu china, kumugwira thupi ndi chinanso.

MlendoWaLondon
Pamenepo tagwirizana. Ngakhale a gulu la zisudzo la Punchdrunk, omwe sewero lawo Sleep No More linatsegulidwa ku New York mu 2011 m'nyumba zosungiramo katundu zomwe anazisandutsa hotela ya zipinda pafupifupi 100, oonera akuyenda okha atavala zigoba zoyera kumaso, anali ndi malamulo: osayankhula, osavula chigoba, ndipo munali anthu ovala zigoba zakuda oyang'anira ndi kuthandiza wosokonezeka. Ufulu umene woonera amaumva umakhala womangidwa ndi malamulo ambiri omwe iye sawaona.

Mlongo_wa_Chigwirizano
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete. Ine si wa zisudzo, koma maliro ndagonapo ambiri ndi amayi anzanga a kumpingo. Mundilole ndifunse: usiku wa pasiwa, ndani amaona bokosi? Ndi amayi ochepa omwe ali m'nyumba. Anthu ena onse ali panja. Abambo ali pamoto, amayi ena ali kukhitchini ndi pakhonde, achinyamata akuyimba. Chomwe amamva ndi kulira kochokera mkati, kukwera ndi kutsika, makamaka pakafika wachibale wochokera kutali. Ndiye ngati oonera anu ndi anansi monga mwanenera, bokosi alionerenji? Siteji yanu ija ili ndi katani. Itsekeni, imeneyo ikhale nyumba ya siwa. Kulira kuzichokera kuseri. Wamasiye azitulukira mmenemo pomwe amuitana kudzamva za katundu, atsike masitepe kubwera pakati pa anthu. Agogo sadzaona bokosi, koma aliyense adzadziwa kuti lilimo.

AphunzitsiAkale
Mayi, mwakonza sewero la anthuwa. Siteji yomwe amafuna kuitaya ija mwaipatsa ntchito yoposa yomwe inali nayo. Ndipo kutsika kwa wamasiyeyo, kuchoka kwa mwamuna wake kubwera pansi pomwe alamu ake akumudikira, anthu adzakumva m'mimba.

Gogo_Nachanza
Zikatero ndikhoza kubwera. Koma pachikwangwani chanu mulembe poyera kuti nkhani yake ndi ya maliro, kuti amene waika wake posachedwa asankhe yekha. Ndipo nyimbo musatenge zenizeni za pasiwa zomwe timayimba kumpingo. Pekani zanu.

Mwana_wa_Dedza
Masamba aja muwaike mkati, munthu atadutsa kale pogulitsira matikiti. Adzawaona olowa okha.

Wa_Newtown
Ine ndikadakondabe panja, koma za katani yotseka ndazigonjera. Funso langa ndi la kukhala mosiyana amayi ndi abambo. Banja labwera limodzi, mudzalilekanitsa?

Mlongo_wa_Chigwirizano
Musawauze. Yalani mphasa uku, mabenchi uko, ochita sewero anu akhaliretu m'malo mwawo anthu asanalowe. Ambiri adzatsatira okha. Amene akufuna kukhala ndi mkazi wake, musiyeni.

NaSuluma_Zisudzo
Ndapita kuholo kuja m'mawa uno. Khomo lalikulu limatsekukira kunja, laling'ono limatsekukira mkati ndipo kuseri kwake aunjikako mipando yothyoka. Eni ake avomera kuti tiichotse ndipo khomolo tidzalimangirira chotsegula. Ndawerengera anzanga zonse mwalembazi. Bokosi talichotsa, katani itsekedwa, masamba alowa mkati, mipando tisiya mzere umodzi kuzungulira khoma kuti achikulire ndi ovutika miyendo akhalepo. Awiri akukanabe, akuti anthu akakhala pafupi chotere adzayamba kulowerera mkangano wa katundu uja, wina adzaimirira kumuteteza wamasiye. Ine ndawayankha kuti wina akadzaimirira, mlamu wolanda katunduyo amuyankhe ali m'sewero momwemo, ndipo tiyamba kuyeserera zimenezo Loweruka. Chatsala ndi moto wa abambo pakati pa holo. Bambo Kalipentala, a Tadala, tingaupange bwanji popanda lawi?

Tadala_wa_Magetsi
Mababu awiri a batire, lina lofiira lina lachikasu, muwaike pansi pa nkhuni zenizeni zomwe munaziwaula kale kunja ndi kuzizimitsa bwinobwino dzulo lake. Fungo la utsi limatsalira m'nkhunizo, anthu oyandikira adzalimva.

Kalipentala88
Pansi pake muyale lata, pamwamba pa lata phulusa lozizira. Ndipo njira yochoka pamotopo kukafika khomo lililonse isachepere mita imodzi ndi theka. Mukayeza ndi tepi mundiuze mwapeza zingati, ndikuwerengereni mabenchi.